Piritsi la Pachikhatho

Achimwene anga amakonza mawotchi. Ndikanena chonchi anthu amaseka, ati masiku ano ndani akuvala wotchi pamene foni ikunena nthawi. Koma pitani pakhonde la sitolo ya zitsulo ija, pafupi ndi pokwerera basi, mukaone nokha. Alonda amavala wotchi, anamwino amavala wotchi, aphunzitsi oyang'anira mayeso, madalaivala, ndiponso nkhalamba zimene zimati foni ndi ya ana. Onsewo batire likatha kapena lamba akaduka amathera pa katebulo ka achimwene. Mumsewu monsemo palibe amawatchula dzina, ndi a Mawotchi basi.

Katebuloko n'kakang'ono, kotchingidwa ndi galasi mbali zitatu kuti fumbi lisalowe. M'kati muli kansalu koyera, timasikuludiraiva tonga singano, kopanira tizitsulo, kagalasi kovala padiso limodzi, ndi chivundikiro cha botolo chimene amaikamo tizomangira tating'ono ngati mchenga. Ntchito yake ndi yokhala pansi. Munthu umakhala duu, kuwerama, kugwira mpweya, mpaka kamuvi kalowe pamalo pake. Achimwene ankatha kukhala choncho maola atatu osasuntha, moti eni sitolo ankati tsiku lina adzawawerengera pamodzi ndi katundu wa m'sitolo.

Ali ndi lamulo limodzi pantchito, ndipo chiyambire sanaliphwanyepo. Satsegula wotchi mwini wake atachoka. Ukati ndisiye ndidzatenga mawa, amakubwezera. Uime pomwepo, uone akutsegula, uone chimene achotsa. Batire lakale amakuika pachikhatho, latsopano amakuonetsa lisanalowe. Amati ntchito iyi inaipa mbiri chifukwa cha anthu osinthanitsa zam'kati mwa mawotchi a eni, ndiye chilichonse chizichitika mwini wake akuona. Ena amanyinyirika kuti akuchedwa, koma mawa lake amabweranso ndi wotchi ya mnzawo.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndimagwira ntchito yophika tiyi ndi kusesa mu ofesi ina ya anthu makumi awiri, ndipo ndimadziwa shuga wa aliyense popanda kufunsa. Achimwene amanditchula kuti a Ketulo, ati chifukwa sindichedwa kuwira. Sindikana. Pakamwa panga m'pofulumira, ndipo ndikangoganiza kuti chinthu ndachidziwa, ngakhale mutabwera ndi buku sindimva. Nkhani ino ndikuifotokoza chifukwa cha khalidwe limenelo.

Matenda anawayamba ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ine ndili kusekondale. Anayamba ndi kuyenda. Ankadzuka patebulo wotchi ili chitsegulire n'kumapita, kuzungulira tauni yonse, kubwera mapazi atatupa. Kenako anayamba kumva mawu a anthu amene ife sitinkawaona, anthu omanena za iwo, kuwaseka, kuwachenjeza. Pomaliza anasiya kudya. Ankati m'chakudya muli zinthu, pali wina akuwathirira. Ankanunkhiza mbale, kuyang'ana mayi m'maso, n'kuikankhira kutali. Anaonda mpaka lamba kusowa bowo.

Mayi anayenda nawo m'malo ambiri amene sindikufuna kuwatchula, ndipo kulikonse ankabwerako ndi kanthu koti awathirire m'chakudya mobisa. Ndiye taonani, munthu akudwala matenda oganiza kuti akumuthirira zinthu, ife n'kumamuthiriradi. Tsiku lina anawapezerera mayi ali ndi kapepala m'manja pamwamba pa poto. Zimene zinachitika tsikulo zinathera kuchipatala cha odwala maganizo, atagwidwa ndi amuna anayi. Anakhalako miyezi isanu.

Kumeneko n'kumene tinamva dzina la matendawo, sikizofireniya, dzina limene mayi anamwalira asanathe kulitchula. Adokotala anati si kulodzedwa, si kuwerenga kwambiri, ndi matenda a muubongo. Anati ali ndi mankhwala amene amachepetsa mawu aja ndi mantha aja, bola munthu azimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ngakhale atamva ngati wachira. Anatinso mankhwalawo ali ndi zovuta zake, ndipo anazitchula chimodzichimodzi. Ine ndinali nditamva kale chimene ndinkafuna kumva: asadumphitse.

Atatuluka anabwerera pakhonde paja, koma pafupifupi chaka chonse anthu ankadutsa patali ngati pali galu wolusa. Achimwene ankatsegula katebulo m'mawa, kupukuta galasi, kukonza mawotchi awo omwe akale, n'kutseka madzulo. Oyamba kubweretsa ntchito anali anamwino awiri a kuchipatala komwe kuja. Anthu ataona ovala zoyera ataima pa katebulo anayamba kuyandikira mmodzimmodzi.

Mayi atamwalira, achimwene anabwera kudzakhala kwanga, m'chipinda chakumbuyo. Tsiku loyamba lomwelo anachotsa loko pachitseko cha chipindacho, kenako anandikhazika pansi.

"Mlongo, botolo la mankhwala usunge ndiwe, chifukwa tsiku lina mutu ungadzandinamize kuti ndachira. Koma piritsi uzindiika pachikhatho, ndiziliona. Usadzandibisire kanthu m'chakudya ngati mayi. Ukadzatero ndidzasowa pogwira."

"Achimwene, ine ndingachite zimenezo?"

"Sindikuti ungachite. Ndikuti usadzachite."

Ndinalonjeza, ndipo ndinapsanso mtima pang'ono kuti akundikayikira.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinayenda choncho. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkaika kapu ya tiyi patebulo, masupuni awiri a shuga, ndi piritsi limodzi pachikhatho chawo. Ankaliyang'ana, kulitembenuza ngati batire, n'kumeza. Mankhwalawo anawanenepetsa, ankawagonetsa msanga, nthawi zina pakamwa pankauma, koma mawu aja anapita kutali. Ankati akumvekabe mwa apo ndi apo ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Analinso ndi njira yawoyawo. Maganizo oti wina akuwachita chipongwe akabwera, ankadziuza kuti, awa ndi matenda, mlongo wanga analonjeza. Anandiuza okha kuti lonjezo lija ndi limene amayezera mutu wawo, monga mmene amayezera mawotchi onse a makasitomala ndi wotchi imodzi ya m'thumba mwawo imene siitaya nthawi.

Chaka chatha, nthawi yotentha, ndinapita kukatenga mankhwala monga ndinkachitira mwezi ndi mwezi, ndipo pawindo anandiuza kuti mtundu wathu uja watha. Adokotala analemba mtundu wina, timapiritsi tating'ono kuposa akale aja, limodzi patsiku. Anamwino amene amatithandiza, mayi wamtali wolankhula pang'onopang'ono, anati ndikaona chachilendo chilichonse ndibwere nawo msanga. Ndinavomera ndili chiimire, maso ali pa wotchi ya pakhoma, chifukwa tiyi wa teni koloko kuofesi sadikira munthu.

Sabata yoyamba inadutsa bwino. Yachiwiri ndinayamba kuona zachilendo pa tiyi wam'mawa. Achimwene ankakhala pampando, kupinda mwendo, kuuwongola, kusanjika miyendo, kuitsitsa, kenako kudzambatuka, kupita pakhomo, kubwerera, kukhalanso. Ngakhale ataima pamodzi, mapazi ankangopondaponda ngati munthu woima pamchenga wotentha.

"Achimwene, mpandowo uli ndi nsikidzi?"

"Miyendoyi, mlongo. Ikungofuna kuyenda."

"Kuyenda kupita kuti?"

"Kulikonse. Si ine ndikufuna, ndi miyendo."

Mawu amenewo anandilasa. Kale paja ankati si ine, ndi anthu aja andiuza. Ndinayang'anitsitsa nkhope yawo kuti ndione ngati akutchera khutu kumbali monga ankachitira nthawi ija. Sindinaone kanthu, koma mtima unali utakwera kale m'mwamba.

Lachinayi la sabata imeneyo eni sitolo anandiimbira foni ndili pakati potsuka makapu. Anati ndibwere nthawi ya nkhomaliro ndidzaone ndekha. Ndinapeza mlonda wina ataima pa katebulo, wotchi yake ili chitsegulire pakansalu koyera, achimwene ali kumapeto kwa khonde kagalasi kali padiso. Anabwerera, anakhala, anatenga kopanira, anagwira mpweya. Ndinawerenga chamumtima, ndipo sindinafike pa khumi. Bondo linayamba kudumpha pansi pa tebulo, linagunda thabwa, chivundikiro chija chinapendekeka, tizomangira tonse mbwee pasimenti. Anagwada kuti atole, koma asanatole n'kamodzi komwe anaimiriranso n'kuyamba kuyenda. Mlonda uja anakulunga wotchi yake m'kampango, zam'kati zili pamtunda, n'kumapita.

Tsidya la msewu oitanira basi anali atasiya kuitanira. Mayi wogulitsa nthochi ananong'oneza mnzake, koma kunong'ona kwake kunali koti ndimve: "Zayambanso."

Eni sitolo anandikokera m'kati, kuseri kwa zitini za penti. "Mayi, ine a Mawotchi ndakhala nawo zaka zonsezi, sitinayambanepo. Koma kuyambira Lolemba akungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Makasitomala akuima patali. Ngati ndi zakale zija, pitani nawo zisanafike poipa."

Madzulo ake nditaweruka ndinawapeza akuzungulira nyumba, dzuwa lisanalowe. Ndinaima pakhomo, ndipo tinkalankhulana akamadutsa.

"Achimwene, mawa tipite kuchipatala."

"Ndikapita chonchi andigoneka." Anakhota kuseri, anatulukira mbali inayo. "Kuja sindibwererako, mlongo. Ukudziwa."

Ndinkadziwadi. Za miyezi isanu ija sakamba, koma loko uja anachotsa pachitseko ali m'kabati mpaka lero.

"Mawu aja abwerera?"

"Ayi. Ali pomwe amakhala."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndikuganiza kuti ndi timapiritsi tatsopanoti. Zayamba titabwera timeneti."

Apo ndiye ndinawira. Zaka zonsezi ndinkayembekezera tsiku limene adzanene kuti vuto ndi mankhwala, chifukwa okha anandichenjeza kuti mutu udzawanamiza. Ndinati basi, tsiku lake ndi lino. Amati wamisala anaona nkhondo, ndipo mwambiwo ndimaudziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinaganize kuti ungakhale wonena za m'nyumba mwanga.

"Vuto si mankhwala, achimwene. Vuto n'lakuti timapiritsi timeneti n'tating'ono, tachepa mphamvu. Akale aja anali akuluakulu. Bwanji muzimwa awiri?"

Anaima pang'ono, mapazi akupondabe. "Adokotala analemba limodzi. Wotchi ya batire limodzi suikamo awiri chifukwa choti ikuchedwa."

"Inu si wotchi."

"Eya, ndiye pake. Wotchi ikapsa ndimapeza ina." Anapitiriza kuzungulira.

Amuna anga amayendetsa galimoto ya katundu yopita kutali, ndipo sabata imeneyo anali paulendo. Nditawaimbira anati, "Alamu apite kuchipatala, iwe si dokotala." Ndinawayankha kuti kulangiza uli pa mtunda wa masiku atatu n'kosavuta, n'kudula foni.

Ndinkakumbukira za kuchipatala kuja. Tikapita ndi mayi kukawaona, wodwala wina akayamba kuyendayenda ndi kusokosa ankamuwonjezera mankhwala, ndipo pobwera ulendo wina tinkamupeza ali phee. Sindinkadziwa kuti wodwala uja akumwa mankhwala anji kapena akudwala chiyani, koma nzeru zanga zinandiuza kuti woyendayenda amamuwonjezera. Ndinaona njira ziwiri zokha: amuna anayi aja ndi chitseko chokhoma, kapena kuphwanya lonjezo masiku ochepa eni ake osadziwa. Ndinadziuza kuti akangokhazikika ndidzasiya, ndipo nkhaniyo idzafera mumtima mwanga.

M'mawa mwake ndinatseka chitseko cha khitchini, chinthu chimene sindichita. Ndinaika piritsi pakati pa masupuni awiri n'kuliphwanya mpaka ufa. Ndinathira m'kapu, ndinawonjezera supuni yachitatu ya shuga, ndinatakasa nthawi yaitali. Kenako ndinatuluka, kapu kudzanja ili, piritsi lina kudzanja ilo, n'kuliika pachikhatho chawo monga mwa masiku onse. Analitembenuza, anameza, anatenga kapu ataimirira. Atamwa kamodzi anaima. Anayang'ana m'kapu. Anandiyang'ana ine, ndipo ine ndinapeza chochita ndi nsalu ya patebulo. Ndinamva akukoka mpweya monga amachitira asanaike kamuvi. Kenako anamwa tiyi yense mpaka pansi.

"Zikomo, a Ketulo."

Ndinapita kuntchito mtima uli m'malo, ndikudziona ngati munthu wanzeru. Pa zonsezi, chimenecho ndicho chimandichititsa manyazi koposa.

Sanakhazikike. Patatha masiku atatu analephera n'kupita komwe pakhonde, ndipo katebulo kanakhala m'sitolo kovundikiridwa ndi thumba. Ankayamba kuyenda m'bandakucha. Kuzungulira nyumba kunatuluka kanjira, udzu unafa, masilipasi anatha kuchidendene. Ankadya akuyenda, mbale ili m'manja. Nyuzipepala ankaitsamiritsa pawindo n'kumawerenga mzere umodzi ulendo uliwonse akamadutsa. Manja anayamba kunjenjemera, khosi linauma, nkhope inakhala ngati yosema. Ine kuofesi ndinathira shuga mu tiyi wa abwana amene samwa shuga, ndinaswa makapu awiri, foni ikalira ndinkadumpha. Pofika kunyumba ndinkamva kukhwekhwereza kwa masilipasi ndisanatsegule geti. Koma m'mawa uliwonse ndinkatsekabe khitchini, ndikuti mankhwala sanayambe kugwira, mawa agwira.

Lamlungu masana, patatha sabata ndi masiku awiri, ndinawapeza kuseri kwa nyumba, mphumi ataitsamiritsa kukhoma, miyendo ikupondabe. Ankalira mopanda mawu.

"Mlongo, m'mafupamu muli ngati linthumbu. Ndikakhala likundiluma, ndikayenda likungochepa pang'ono. Ndikanatha kuvula thupili ngati malaya ndikanavula." Anapukuta mphuno ndi dzanja lonjenjemera. "Nthawi ya mawu ija ndinkaopa kufa. Pano sindikuopanso. Ngati moyo wake ndi umenewu, ine ndatopa nawo."

Mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. M'botolo munalibenso kanthu, lomaliza anali atamwa m'mawa womwewo. Ndinawagwira mkono. "Mawa tikupita, achimwene. Ndikhala pambali panu, sakugonekani ine ndilipo." Sanakane, analibenso mphamvu zokanira.

M'mawa mwake kuchipatala, pabenchi la odikira panali anthu ambiri, onse atakhala kupatula achimwene. Ankapita kumapeto kwa khonde, kukhudza khoma, kubwerera. Anamwino athu aja anatuluka kudzaitana munthu wina, anaima pakhomo, anawayang'ana ulendo umodzi, wachiwiri. Ndinathamangira pomwepo n'kuwanong'oneza zimene achimwene ananena dzulo lake. Anapempha odikirawo kuti atilole tilowe.

M'chipindamo sanawauze kuti akhale pansi. Anangokankhira mpando kukhoma kuti apeze poyenda.

"Bambo, mawu aja akula?"

"Ayi, mayi."

"Pali amene mukumuopa, kapena amene mukuganiza kuti akukuchitani chipongwe?"

Anafika kukhoma n'kutembenuka. "Maganizo akumabwera, koma ndikumawakana."

"Mukakhala pansi chimachitika n'chiyani?"

Anafotokoza za linthumbu lija, za miyendo, ndi tsiku limene zinayamba. Anafotokoza bwinobwino, motsatana, ngati munthu akulongosola vuto la wotchi. Zonsezo anali atandiuza kale ine pakhomo paja.

Anamwino anatembenukira kwa ine. "Mayi, awa si matenda aja abwerera. Awa ndi mankhwala. Mankhwala a mtundu umenewu amachita zimenezi kwa anthu ena, makamaka akangowayamba kumene kapena akachuluka. Munthu amalephera kukhazikika, osati chifukwa cha maganizo, koma thupi. Zimazunza kwambiri, koma chochita chilipo. Timachepetsa, kapena kusintha, kapena kupereka ena oziziritsa miyendo. Choopsa n'chakuti anthu amaona ngati munthu wayambiranso n'kumuwonjezera, ndipo kumeneko n'kuzimitsa moto ndi parafini. Bwanji simunabwere msanga?"

Ndinangopereka botolo ndi kabuku ka kuchipatala. Analigwedeza botololo, silinalire. Anayang'ana tsiku lolembedwa pamwamba, anawerenga ndi zala.

"Muno muyenera kukhala mutatsala asanu ndi anayi. Akumwa angati patsiku?"

"Limodzi," anayankha achimwene ali cha pawindo. "Pachikhatho. Amasunga ndi mlongo wangayu. Sitinadumphitsepo, sitinawonjezepo."

Ananena monyadira, monga amanenera za lamulo la pantchito pawo. Bodza linali pafupi, kungoti botolo linagwa, ena anagwera m'madzi. Ndinali nditatsegula kale pakamwa, koma anamwino sankayang'ana ine.

"Bambo, ndamva zimene munanena dzulo. Ndiuzeni zoona, simunatengeko ena panokha? Ngati n'choncho, sindingakuloleni kubwerera kunyumba lero." Anakoka pepala lina m'dirowa, ndipo ndinalizindikira. Linali lofanana ndi limene mayi anasainira chaka chija powagoneka m'chipatala.

Achimwene analiyang'ana pepalalo. Anayenda mpaka kuchitseko, anabwerera, akupikicha manja.

"Sindikukumbuka kuti ndinatenga," anatero chapansipansi. "Koma mutu wanga si woudalira, mayi. Botolo timalikhudza ndife awiri. Mlongo wanga sangachite, ndiye kuti ndine. Mwina ndimadzuka n'kutenga osadziwa."

"Ndine," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. "Ndinkaphwanya limodzi n'kuthira mu tiyi. Masiku asanu ndi anayi."

M'chipindamo munangomveka masilipasi, chifukwa miyendo sinawalole kuima ngakhale pamenepo. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Ndinamva," anatero. "Tsiku loyamba lomwelo ndinamva kuwawa pansi pa shuga. Maganizo anati, mlongo wako wakuthirira kanthu. Ndiye ndinati, awa ndi matenda, mlongo wanga analonjeza. Ndinamwa yense dala kuti ndiwagonjetse. M'mawa uliwonse ankawawa, m'mawa uliwonse ndinkati matenda akubwerera, n'kumwabe." Anatembenukira kwa anamwino. "Ndiye kuti mutu wanga unali bwino, mayi?"

"Unali bwino, bambo."

Achimwene anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamwino anabweza pepala lija m'dirowa n'kupita kukaitana adokotala. Ine ndinalira ndili pabenchi la m'chipindamo, ndipo palibe ananditonthoza.

Sanawagoneke. Adokotala anatsitsa mlingo, anapereka ena a miyendo, n'kuti tizibwera Lachiwiri lililonse. Ine anandilankhula mawu ochepa amene sindidzawaiwala, ndipo sindinayankhe, chinthu chimene amuna anga atabwera anakana kukhulupirira. Patatha masiku anayi achimwene anadya nkhomaliro atakhala pansi mpaka kumaliza. Patatha sabata zitatu anavundukula katebulo kawo. Mtundu wakale uja utabweranso kuchipatala anawabwezera pa umenewo. Mlonda uja anamufunafuna okha mpaka kumupeza pageti limene amalondera, ndipo wotchi yake anaikonzera pomwepo mwini wake akuona.

Kunyumba zinthu zinasintha osakambirana. Botolo amasunga okha tsopano, anamwino anavomereza. M'mawa amabwera pomwe ndili, amatambasula chikhatho kuti ndione piritsi, n'kumeza ine ndikuona. Anagula ketulo yawo yaing'ono, kapu yawo, ndi chitini cha shuga chimene chimakhala m'chipinda mwawo. Sanandinyozepo, sananditonzepo ngakhale kamodzi. Amandipatsa moni, amafunsa za kuofesi, anandikonzera wotchi ya pakhoma. Koma dzina lija la a Ketulo linatha, ndipo nyumba inazizira. Ndinkaphikira tiyi anthu makumi awiri tsiku lililonse, onse ankamwa osayang'ana m'kapu, koma achimwene anga enieni ankawiritsa madzi awo kuseri kwa chitseko.

Ndinapepesa kangapo. Ankati, "Ndamva, mlongo, unkaopa." Ndipo ndikudziwa kuti anakhululuka. Chimene ndinaphwanya sichinali cha kukhululuka, chinali chida chawo chogwirira ntchito.

Mwezi watha, m'mawa wina ndikufulumira, dzanja linangochita zimene linazolowera zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinathira makapu awiri n'kuika imodzi pamalo pawo. Ndinazindikira iwo atalowa kale. Anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali, kenako anaikankhira kwa ine mofatsa, monga amabwezera wotchi ya munthu wofuna kuisiya.

"Ndikanamwa, mlongo. Koma tsiku lina akadzawawa, ndidzafunsa ndani?"

Ndinanyamula kapuyo kupita nayo kukhitchini, maso atadzaza misozi. Ndikuitaya mu sinki ndinamva mapazi kumbuyo. Anali ataima pakhomo la khitchini, chikwama cha zida chili paphewa, mapazi onse awiri ali phee pansi.

"Tsuka kapuyo," anatero. "Uphike wina. Ine ndiima pano."

Ndinaitsuka, ndinaitembenuza kuti aone m'kati. Ndinatunga madzi pampopi, ndinawaonetsa masamba pachikhatho ndisanathire. Tinadikira ketulo tonse awiri, ndipo inachedwa kuwira kuposa masiku onse. Ndinawaonetsa supuni yoyamba ya shuga, ndinawaonetsa yachiwiri, wina anatayikira patebulo. Analandira kapu ndi manja awiri, anakoka mpweya, analawa.

Anamwa theka. Wotsalayo anasiya patebulo, anayang'ana wotchi ya m'thumba, n'kunena kuti basi ya seveni iwasiya.